Mng'alu wa ku Manda a Kamwaza

Ku Matema, kumapeto kwa bairo, dera la mzinda wa Tete, kumene msewu wafumbi umatsikira kukhwawa, kuli manda aang'ono amene anthu amangowatchula kuti kwa Kamwaza. Onse ogona mmenemo ndi a banja limodzi. M'zaka zimene malasha a ku Moatize anadzaza mzinda wa Tete ndi alendo ndi makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu, amene ankasesa mandawo anali Sebastião, woumba njerwa, mdzukulu wa mwini dzinalo.

A Kamwaza anatsika kuchokera ku Domwe, ku Angónia, akali mnyamata, pothawa chibalo cha Apwitikizi. Nthawi imeneyo pa Zambezi panalibe mlatho, ndipo anapeza ntchito pa batelau, chombo chophwathalala chimene chinkawolotsa anthu, ng'ombe ndi katundu. Tsidya la Matema linali tchire la masawu ndi milambe, nyumba za Anyungwe zili patalipatali. Mkulu wina wakomweko anawalozera malo m'mbali mwa khwawa nati amangepo. Mwana wawo woyamba atamwalira, a Kamwaza analibe mbale aliyense woti awathandize. Anangokhala pakhomo, mtembo uli m'nyumba, dzuwa la ku Tete likuswa mtengo. Mkulu uja anabwera ndi ana ake atanyamula makasu, nakumba chakumtunda kwa khwawalo. Manda anayamba choncho, ndipo mabanja awiriwo anakhala pa usabwira.

Kwa Anyungwe, sabwira ndi munthu amene amasambitsa, kukumbira ndi kuika maliro a banja lako, iwenso n'kumachita zomwezo kwawo, chifukwa munthu sagwira mtembo wa mbale wake. Sabwira angathe kukutukwana pagulu, iwe osakwiya. Chimene sangachite n'kumva kuti kwanu kwagwa zovuta, iye n'kukhala pansi.

Dziko litalandira ufulu, bambo ake a Sebastião anabwerera ku Domwe kukalima, ndipo nkhondo inawapeza komweko. Anathawira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Dedza. Bambowo anafera kumeneko n'kuikidwa pakati pa anthu osawadziwa. Kumsasako n'kumene Sebastião anaphunzira kuponda dothi ndi kugwira chikombole. Mtendere utabwera mu 1992, anakapeza ku Domwe kuli phulusa lokhalokha, choncho iye, mayi ake ndi mlongo wake wamkulu Belmira anatsikira ku Matema. Anapeza mitumbira ili yopalira bwino. Amene ankaipalira zaka zonsezo anali a Victorino, mdzukulu wa mkulu wa makasu uja, munthu wamtali, wa pakamwa pakuthwa, amene anawalandira powathokoza kuti abwerera ataonda chotero, sadzavuta kunyamula akadzamwalira.

Sebastião anatsegula kadzenje kumunsi kwa manda, kufupi ndi khwawa, pamene panali dothi lomata bwino. Ankaumba, kuyanika, n'kuwotcha ng'anjo imodzi pachaka. Anakwatira Elena, mtsikana wa ku Tsangano, ndipo anabereka Nilton ndi Dalva. Dalva anamwalira ndi malungo mano akumkaka asanayambe kuguluka. A Victorino ndiwo anamunyamula m'manja mwawo n'kumugoneka kumiyendo kwa a Kamwaza, kumzere wakumunsi, Elena atapempha kuti mwanayo akhale pafupi ndi munthu wamkulu.

Kenako kunabwera malasha. Anthu anafika kuchokera ku Beira, ku Nampula, ku Zimbabwe, ku Malawi, Asilamu ndi Akhristu, onse akufuna pogona. Aliyense wokhala ndi kintali yotakasuka, kutanthauza bwalo la pakhomo, anayamba kumanga zipinda za alendo. Njerwa zinkagulidwa zisanazizire. Sebastião analemba antchito, ng'anjo zinkafuka mwezi ndi mwezi, Nilton analowa ntchito kumgodi, ndipo Elena anasiya kusenza madzi pamene anakokera mpopi pakhomo. Koma dothi labwinolo silinali paliponse. Linkayenda ngati mtsempha, kukwera chakumanda. Sebastião anazika chikhomo nauza antchito ake kuti asadutse pamenepo. Chaka chotsatira anachizula yekha n'kuchisunthira kumtunda pang'ono. Atachisunthanso, Elena anamufunsa ngati akukumbukira chimene chili kuseri kwa khoma la dzenjelo. Iye anati pakali malo oti ngolo ya ng'ombe n'kudutsa, ndipo zinali zoona.

M'nyengo yomweyo a Victorino anagulitsa malo awo, amene anali kumtunda kwa manda, kwa munthu wina wa makamiyau. Wogulayo anagwetsa mitengo yonse, anathira simenti pabwalo ponse, namanga mpanda wautali, kusiya chibowo chimodzi cha madzi kumunsi, choloza kumanda. Zina mwa njerwa za mpandawo zinachokera m'ng'anjo ya Sebastião yemweyo. Njira yakale yopita kumanda inatsekeka. Pamsonkhano wa bairo, anthu atadzaza pansi pa mlambe, Sebastião anaimirira nanena kuti munthu wogulitsa pamene panagwera mchombo wake angagulitsenso mafupa a bambo ake akapeza wogula. Sanali mawu a usabwira, ndipo palibe anaseka. A Victorino anatola chipewa chawo n'kuchoka. Pasanapite nthawi anasamukira ku Chingodzi.

Patapita miyezi, mng'ono wawo wa a Victorino anamwalira pangozi ya pamsewu wa ku Moatize. Uthenga unamupeza Sebastião m'mawa, ng'anjo ili pamoto. Anati apita moto ukatsika. Moto utatsika anati kwada. Sanapite, ndipo a Victorino anachita kulemba anthu achilendo kuti akumbe manda a mng'ono wawo.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inagwa kumapeto kwa Novembro, masana, patatha masabata a kutentha kumene mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto. Inagwa kanthawi kochepa koma mwaukali. Madzi onse a pasimenti ya makamiyau anatulukira pachibowo chija nthawi imodzi, nadutsa pakati pa mitumbira, n'kukagwera m'dzenje. Itakata, Sebastião anapita kukaona njerwa zosawotcha zimene anazifunditsa lona. Sanazifike n'komwe. Pamwamba pa khoma la dzenje panali mng'alu, woyambira patsinde la msawu, kudutsa kuseri kwa mitumbira iwiri yakumunsi, n'kukathera kukhwawa. Anapisamo mpini wa khasu, unalowa wonse. Atatsikira m'dzenje n'kuyang'ana kumwamba, anaona mbali ina ya khoma itagumuka, ndipo m'dothimo munkaonekera nsonga za bango lakuda, lowola. A Kamwaza anaikidwa mumphasa.

Anamuimbira telefoni Belmira, amene ankakhala tsidya lina la mlatho, ku bairo ya Filipe Samuel Magaia, n'kumagulitsa makapulana, zitenje zakumeneko, pamsika. Belmira anafika pa shapa, minibasi ya m'tauni, madzulo omwewo, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Anayang'ana mng'aluwo nthawi yaitali, nayang'ana dzenje, nayang'ana malata atsopano a nyumba ya mlongo wake. Kenako anati aitane sekeretariyo wa bairo, mkulu woyang'anira deralo. Sekeretariyoyo anabwera m'mawa mwake, naima patali ndithu. Anati kusamutsira maliro kumanda a munisipiyo, khonsolo ya mzinda, kumafuna chilolezo chimene sichituluka msanga, koma ngati akungowasunthira kumtunda m'manda awo omwewo, iye waona ndi maso ake ndipo adzawaikira umboni. Anangowonjezera kuti achite changu, akuloza ndi chibwano mitambo imene inkasonkhana mbali ya ku Moatize.

Antchito a Sebastião anakana. Wina anati chipembedzo chake sichilola, wina anati mkazi wake ndi wapakati, enawo sanaoneke n'komwe. Belmira anati ngakhale akanavomera, mafupa a agogo ake sangakumbidwe ndi aganyu ngati mbatata. Aliyense ankalidziwa dzina limene linatsala, koma palibe analitchula. Tsiku limenelo mitambo inada, mphepo inawomba fumbi lakuda, mvula n'kupita mbali ina. Sebastião anakhalira kuunjika matumba a mchenga pachibowo ndi kuchirikiza khoma ndi nkhuni za ng'anjo. Pofika madzulo mng'alu unali utakula moti phazi linkalowa.

Kutacha anapeza Elena mulibe m'nyumba. Anakamupeza kumanda atamanga kapulana m'chiuno, khasu lili m'manja, ataima kumutu kwa mtumbira wa Dalva. Anali atachotsa kale miyala yozungulira n'kuiunjika pambali.

"Mayi a Nilton, ikani khasulo pansi."

"Ndiika mukavala nsapato," anatero Elena osamuyang'ana. "Ndinamubereka ndekha, ndingathenso kumufukula ndekha, chondigwera chindigwere. Koma mwana wanga sakagona m'matope oumbira njerwa chifukwa choti bambo ake akuchita manyazi."

Sebastião anavala nsapato.

Ku Chingodzi anapeza a Victorino atakhala pakhonde la nyumba yawo yatsopano, akulimbana ndi tcheni cha njinga. Anaodira, anayankhidwa, koma mpando sanapatsidwe. Anakhala pansi padzuwa n'kufotokoza zonse, mvula, mng'alu, mphasa. Za chibowo anangozitchula modutsa, poopa kuti zingamveke ngati wabwera ndi mlandu. A Victorino anamvetsera akupukuta mafuta m'zala. Ndege ina inadutsa pafupi ndi madenga ikutera, ndipo onse awiri anadikira kuti phokoso lithe.

"Dzenjelo anakumba ndani?"

"Ndine."

"Nanga mng'ono wanga anamukumbira ndani?"

Sebastião anayang'ana pansi. Anafuna kunena za ng'anjo imene inali pamoto, koma anaona kuti kukanakhala kuwonjezera mwano. Anati sanabwere kuti akhululukidwe lero. Anabwera chifukwa cha mwana amene iwo anamunyamula m'manja.

"Anthu amene ndinawalemba aja anafika ataledzera," anatero a Victorino pang'onopang'ono. "Anakumba mokhota. Bokosi linakana kulowa, tinachita kulipendeketsa, mkazi wake akuona. Pitani kwanu, a Sebastião. Mvula ingakupezeni panjira."

Chiyambire a Victorino anali asanamuyankhulepo mwaulemu chotero, ndipo ulemuwo unamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Shapa yobwerera inakodwa pamzere wa makamiyau amene ankadikira kuwoloka mlatho. Sebastião anakhala wopanikizika pafupi ndi zenera, akuona kumwamba kukuda bii. Anatsika asanafike n'kuyamba kuthamanga. Panjira anatsimikiza mtima kuti akumba yekha. Anadziwa zimene akulu amanena za munthu wogwira mafupa a mwana wake, ndipo sankadziwa ngati amazikhulupirira, koma anaona kuti kuli bwino zimugwere iye kusiyana ndi Elena.

Anapeza akazi awiriwo atakhala pansi pafupi ndi mtumbira wa Dalva, khasu lili pamiyendo ya Belmira, atalikumbatira ndi manja onse. Elena anayang'ana kumbuyo kwa mwamuna wake, naona kuti palibe akumutsatira. Sebastião anatenga pikareta, piki yokumbira dothi, m'dzenje, nakwera nayo, navula malaya. Mphepo inali itasiya. Kunangoti zii, kupatula kugunda kwa kutali. Anaima pamtumbirapo nthawi yaitali, osadziwa poyambira, kumutu kapena kumiyendo.

Pamenepo kunamveka njinga zamoto ziwiri zikutsika msewu wafumbi. A Victorino anatsika kumbuyo kwa yoyamba atanyamula mphasa zatsopano ndi nsalu yoyera. Oyendetsawo anali ana a mlongo wawo, amuna akuluakulu, makasu ndi zingwe atazimangira kumsana.

"Chotsa manja ako pamenepo, nyani wa ku Domwe iwe," anatero a Victorino akumulanda pikareta. "Wawononga zapamwamba, tsopano ukufuna uwononge ndi zapansi zomwe?"

Panalibe nthawi ya mwambo wautali. A Victorino anathira madzi pang'ono pamitumbira iwiriyo, nawauza ogonawo m'Chinyungwe kuti asadabwe, nyumba yawo yang'aluka ndipo akuwasunthira pouma. Kenako panabuka funso loti ayambe ndi ndani. Belmira anati ayambe ndi agogo, poti ndiwo eni malo, ndipo mphasa yawo ndi imene yaonekera kale. Elena anangoimirira. A Victorino anagona chafufumimba m'mphepete mwa dzenje n'kusuzumira pansi, kenako anatsata mng'alu wonse akuponda mosamala. Anati manda a mkulu ndi akuya ndipo ali pamlomo penipeni, sangawafike mvula isanayambe. A mwana ndi osaya. Ayamba ndi mwana, akatha aona. Belmira anayamba kutsutsa, koma iwo anamuuza kuti lero wolamula m'manda muno si wa kwa Kamwaza, ndipo abale onse akwere kumtunda, afulatire.

Okumbawo anadzimanga zingwe m'chiuno n'kuzikoleka pamsawu. Sebastião anatumidwa kuchibowo kuti akatseke madzi mmene angathere. Madontho oyamba anagwa akuluakulu, otalikirana, akuphulitsa fumbi. Iye anagwada pamatumba a mchenga atafulatira manda. Kumbuyo kwake ankamva makasu awiri akusinthana, mwachangu koma osakhapa mwamphamvu. Kenako mvula inakhuthuka, ndipo sanamvenso kanthu.

Madzi anayamba kutuluka m'mbali mwa matumba. Anatsekapo ndi njerwa, ndi malaya ake, ndi zigamba za lona. Kuseri kwa mpanda madziwo ankakwera, ndipo ankawamva akukankha ngati ng'ombe pakhomo la khola. Anakhala pamatumbawo n'kutsamira ndi msana, zidendene atazizika m'matope. Madzi akuda, onunkha mafuta a galimoto, ankamudutsa m'khwapa ndi m'khosi. Anafunitsitsa kucheuka. Cha kumanja kwake ankaona Elena ataima chofulatira monga anauzidwa, manja atagwira kumutu, Belmira atamukumbatira m'chiuno kuti asatembenuke. Thumba limodzi linaphulika. Lachiwiri linatsetsereka pansi pa mwendo wake, ndipo madzi anamukankhira pambali n'kuyamba ulendo wawo wa pakati pa mitumbira.

Anadzuka, natsata madziwo chothamanga akufuula kuti okumbawo atuluke. Asanafike, nthaka inanjenjemera pansi pa mapazi ake, ndipo kunamveka khuu, phokoso lolemera, losatalika. Msawu unapendekera. Pamene panali mtumbira wa a Kamwaza panali mpweya wokha, ndipo m'munsimo matope ofiira ankawira. Mmodzi wa amuna aja ankalendewera pachingwe m'mphepete, mnzake akumukoka. A Victorino sanawaone. Anawaitana dzina kawiri.

Anali kuseri kwa mtumbira wina chakumtunda, atagwada, atawerama ngati nkhuku yofungatira, kuti mvula igwere pamsana pawo. Pachifuwa anali atakumbatira kamtolo ka nsalu yoyera, kakang'ono kwambiri kuposa mmene Sebastião ankaganizira.

"Yense ali muno," anatero a Victorino akupuma mwabefu. "Ndi timikanda take tomwe. Kamuuze mkazi wako. Usayandikire."

Mvula itakata madzulo, anakumba manda atsopano kumtunda, pafupi ndi mayi ake a Sebastião, ndipo Dalva anagonekedwa mumphasa yatsopano. Elena sanalire mokweza. Anatola miyala imene anaunjika m'mawa ija n'kuizunguliza yekha, umodziumodzi.

A Kamwaza anavuta. Madzi ataphwera, a Victorino ndi ana a mlongo wawo analowa m'dzenje matope akulekeza m'ntchafu, akupapasa ndi manja ndi kusefa ndi madengu, masiku angapo. Anapeza chigaza, mafupa aatali ena, ndi chibangili chamkuwa chimene ngakhale Belmira sankachidziwa. Zina madzi anali atapita nazo kukhwawa, ndipo khwawalo limathira mu Zambezi. Zimene zinapezeka anaziika pafupi ndi mkazi wa a Kamwaza. Pamandapo Belmira anauza mlongo wake, anthu akumva, kuti wawaponda agogo ake m'dothi ngati udzu. Kuchokera tsiku limenelo sanalowenso m'nyumba mwake. Amabwera chaka ndi chaka pa tsiku la akufa, kumayambiriro kwa Novembro, atanyamula tsache ndi makandulo, n'kudzera njira yakukhwawa.

Ndi a Victorino zinthu sizinabwerere mwakale msanga. Atatsiriza ntchito anasamba m'manja, anakana chakudya, nati mlandu wa mng'ono wawo ukalipo ndipo adzaukamba tsiku lawo. Linafika patapita chaka, pamwambo wokumbukira malemuyo. Sebastião anapita ndi mbuzi, nakhala pansi pamaso pa mkazi wamasiye, ndipo anamvetsera zonse zimene mayiyo anali nazo. Zinali zambiri.

Njerwa zosawotcha zija zinasungunuka pansi pa lona, ndipo Sebastião sanakumbenso pamalopo. Mwini makamiyau, atakakamizidwa ndi anthu a m'bairo, anakumbitsa ngalande yolowera kukhwawa. Sebastião anakalowa ntchito kwa munthu wina ku Chingodzi, youmba mabuloko a simenti, akulandira zochepa kuposa zimene ankalipira antchito ake. Malasha atatsika mtengo, alendo ambiri anachoka, ndipo zipinda zambiri za njerwa zake zinatsala zotseka.

Dzenje lilipobe, ndipo dzinja lililonse limadzaza madzi. Loweruka masana Sebastião amaima pamphambano ya msewu waukulu, n'kumakweza dzanja akaona kamiyau yonyamula zigumukira za nyumba zogwetsedwa, kupempha kuti ikakhuthulire m'dzenjelo kuti likwiririke. Ena amakhota. Ambiri amangodutsa.